Uvuni woumitsira matabwa: wadzuwa, wamoto kapena wamakina oyamwa chinyontho?

Anzanga a ntchito ya matabwa akhala akundifunsa kuti pa mauvuni atatuwa amange uti. Ndiyankha pano, koma mudziwiretu kuti ndili ndi mbali. Makina oyamwa chinyontho, aja amati dehumidifier, ndinawasungira mangawa, ndipo chifukwa chake muchimva.

Uvuni wamoto sinditaya nawo nthawi. Umasonkheredwa ndi utuchi ndi zidutswa, kutentha kumayenda m'mapaipi, ndipo ukakhala ndi boyila umatulutsanso nthunzi. Paini amauma m'masiku ochepa. Koma umafuna munthu wosagona, chifukwa moto ndi matabwa ouma zili m'nyumba imodzi, ndipo ukatenthetsa msanga mitengo yolimba imang'aluka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Ndi wa anthu a macheka akuluakulu amene utuchi umawasowetsa kotaya. Kalipentala wamba asauganizire.

Tsopano makina aja. Kagwiridwe kake nkosangalatsa kukamva: mpweya wonyowa umadutsa pa timapaipi tozizira, madzi amadontha n'kutuluka kunja, kutentha kumabwerera m'chipinda. Satsata nyengo, kukhale mitambo kukhale mvula. Amene anandigulitsa ananena zonsezi, ndipo sananame. Zimene sananene ndi zimene zinandipweteka.

Sananene kuti makinawo anali a m'nyumba, ongowaveka dzina la uvuni. Kompuresa ya makina otere imazima yokha chipinda chikatentha kwambiri, ndipo mitengo ngati oak imatulutsa asidi ikamauma, asidi amene amadya timapaipi tija mpaka gasi kuthawa. Sananenenso kuti utomoni wa paini umafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 70 kuti uume n'kusiya kutuluka pansi pa vanishi, komanso kuti tizilombo tofumbwitsa matabwa timafa pakati pa thabwa pakafika madigiri 56 kwa mphindi 30, muyezo womwewo wa ISPM 15 wa matabwa olongedzera katundu wotuluka kunja kwa dziko. Makina anga sakanafika kumeneko. Panafunika hita yapadera, waya wina wokulirapo, ndi bilu ya magetsi imene sinali m'masamu a wogulitsa.

Komabe zimenezo ndikanakhululuka. Chimene sindikhululuka ndi matabwa amene anatuluka. Mita yoyezera chinyontho inkawerenga 8 peresenti, thabwa lowongoka, losalala, lolira bwino ukaligogoda. Kuliika pa sowo kuti ndiling'ambe pakati, linatsina sowo mpaka utsi, ndipo mbali ziwirizo zinatuluka zitapindika ngati uta. Osati limodzi ayi, mulu wonse, ndipo anali matabwa a matebulo amene eni ake anali atapereka kale ndalama.

Chimachitika n'chakuti kunja kwa thabwa kumayamba kuuma m'kati mukadali madzi. Thabwa limayamba kunyala chinyontho chikatsika pansi pa 30 peresenti kapena chapompo, ndiye khungu lakunja limafuna kunyala koma m'kati monyowa mumaliletsa, ndipo limauma lili chikokekere. Pambuyo pake m'kati namonso mukauma n'kufuna kunyala, khungu lija lauma kale, silikugonja. Thabwa limakhala likukokana lokhalokha, ndipo mita siona zimenezi. Mankhwala ake n'kubwezera chinyontho pang'ono kunja kwa thabwa kumapeto, ndi nthunzi kapena mpweya wonyowa wotentha. Nanga makina amene ntchito yake yonse n'kuchotsa madzi angabwezere bwanji madzi? Kuti mudziwe ngati matabwa anu ali ndi vutoli, dulani kachidutswa chapakati pa thabwa, muchotse m'kati kuti patsale mano awiri, mukasiye kaye. Manowo akapindikira m'kati, musawacheke matabwawo.

Ndisanamizire makina onse. Alipo opangidwiradi matabwa, monga a kampani ya Nyle, okhala ndi timapaipi topirira asidi ndiponso opirira kutentha. Amagwira ntchito, ndipo amene amaumitsa matabwa chaka chonse kuti agulitse adzawayamikira. Koma nawonso amafuna kuti mwini wake akonze njira yobwezera chinyontho kumapeto, ndipo magetsi akamathimathima masamu onse amasokonekera.

Wadzuwa ndi umene ndimaukonda. Pulani yotchuka ndi ya ku yunivesite ya Virginia Tech ku America, imene katswiri wa matabwa Eugene Wengert anaifalitsa kwambiri, ndipo munthu wodziwa kukhoma denga akhoza kuumanga. Ndi chipinda chotsekedwa bwino m'makoma ndi pansi kuti kutentha kusathawe, chopakidwa penti yakuda m'kati, denga lake la galasi kapena pulasitiki yoonekera, loyang'ana ku equator, lopendekeka molingana ndi latitude ya malo anu, ndiye kuti madigiri a kutalikirana kwa malo anu ndi equator. Mafani amakankha mpweya wotentha kudutsa mu mulu, timazenera tiwiri titatu timatulutsa chinyontho. Pa matabwa a mitengo yovuta kuumitsa, okhuthala mamilimita 25, denga la masikweyamita pafupifupi 4 limakwanira kiyubikimita imodzi ya matabwa. Mukakulitsa denga kuposa apo mulu uli womwewo, matabwa amang'ambika, choncho mulu ukachepa phimbani mbali ina ya denga.

Ubwino wake waukulu uli usiku. Dzuwa likalowa mafani amazimitsidwa, chipinda chimazizira, mpweya umanyowanso, ndipo khungu la thabwa limamwa pang'ono n'kumasuka. Chimene makina aja analephera, uvuni uwu umachita wokha tsiku lililonse popanda kulipira. Ngakhale bulugamu, amene amakonda kufwamphuka ndi kung'aluka akafulumizidwa, amatuluka bwinoko, makamaka mukayamba mwamuumitsa pamthunzi.

Zofooka zake sindibisa. Ndi wochedwa: mitengo yolimba imatenga mwezi kapena kuposa dzuwa lili bwino, ndipo nyengo ya mitambo mumangodikira. Simungalumbire kuti pakati pa thabwa pafika madigiri opha tizilombo. Ndipo mafani akaima masana, kumtunda kwa denga kumatentha moti mafani apulasitiki amapindika, choncho gulani achitsulo.

Uvuni uliwonse umene mungasankhe sukonza mulu wosanjidwa molakwika. Timitengo tolekanitsa matabwa tikhale touma, tofanana kukula, totalikirana masentimita 40 mpaka 60, ndipo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa kanzake. Pakani phula kapena penti yolimba kumapeto kwa matabwa atangochekedwa, ndipo pamwamba pa mulu muike cholemera. Mita ya mapini obaya m'thabwa musaikhulupirire thabwa likadali laliwisi. Dulani kachidutswa, mukayeze pa sikelo, mukaumitse pa madigiri 103 mpaka kulemera kusiye kutsika, kenako kulemera kumene kwachoka mukugawe ndi kulemera kouma n'kuchulukitsa ndi 100 kuti mupeze peresenti ya chinyontho.

Ndiye kwa amene amandifunsa: ngati mumapanga mipando ndi matebulo m'shopu yanu, mangani wadzuwa, ndipo mukafuna kufulumira mangani awiri kuti wina uzidzazidwa wina ukuumitsa. Ngati mumagulitsa matabwa ouma ndipo makasitomala sadikira, gulani makina enieni a uvuni, koma musanapereke ndalama mufunseni wogulitsa kuti amafika madigiri angati ndiponso kuti kumapeto mudzabwezera bwanji chinyontho. Akayamba kuzungulira, tulukani.