Ku Réunion kwa masiku ochepa: phiri lamoto, zigwa zitatu, kapena gombe?

Amene mukukonza zokakhala masiku atatu kapena anayi pachilumba cha Réunion, yambani mwawerenga kuti kudzakucherani kangati muli kumeneko. Chilumbachi chili kum'mawa kwa Madagascar, ndi gawo la dziko la France, ndipo ndalama yake ndi euro. Pamapu chimaoneka chaching'ono, ndipo n'zoona kuti msewu wa m'mbali mwa nyanja munthu amauzungulira wonse dzuwa lisanalowe. Koma zimene anthu amapitira kumeneko zili m'katikati, kumtunda, ndipo kumtundako kuli khalidwe lake. Kumacha kuli mbee, koma ikamakwana 9 kapena 10 koloko mitambo imayamba kukwera n'kudzaza zigwa zonse. Wofika masana nthawi zambiri amangoona nkhungu yokhayokha. Ndiye malo aliwonse a kumtunda amafuna m'mawa wawowawo, ndipo malowo ndi ambiri kuposa masiku amene muli nawo.

Ine m'mawa woyamba ndimaupereka ku Piton de la Fournaise, osaganizanso kawiri. Ili ndi phiri lamoto lotalika mamita 2,632, limodzi mwa mapiri amene amaphulika kawirikawiri padziko lonse. Ulendo wake umayamba kukoma musanafike n'komwe. Kuchokera kumudzi wa Bourg-Murat msewu umadutsa m'mabusa a ng'ombe, mitengo imanka ifupika, kenako mukangokhota pena dziko limatseguka m'munsi mwanu: Plaine des Sables, chidikha cha mchenga wofiirira ndi miyala yopserera, chopanda mtengo ngakhale umodzi. Phula limathera chapamenepo, ndipo kuyambira apo ndi msewu wafumbi wamaenje mpaka pa Pas de Bellecombe, posiya galimoto. Pamenepo mwaima m'mphepete mwa phompho. Pansi pali Enclos Fouqué, bwalo lalikulu la chiphalaphala chouma, phirilo lili njoo pakati pake.

Wa miyendo yofooka akhoza kuthera pomwepo ndipo sanataye m'mawa wake. Wofuna kulawa pang'ono atsike masitepe a m'khomalo kukafika pa Formica Leo, kaphiri kofiira kamene kali pafupi. Koma amene ali ndi mphamvu apitirire mpaka pakamwa pa Dolomieu, dzenje lalikulu la pansonga pa phirilo, ulendo wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi kupita ndi kubwera. Njira yake ndi madontho a penti yoyera pamiyala, ndipo nkhungu ikagwa madontho amenewo ndiwo moyo wanu, musawasiye. Pansi pamene mukupondapo pamasinthasintha: pena chiphalaphala chinauma chosalala, chopotana ngati zingwe, pena n'chokhakhala, chakuthwa, chodya nsapato ndi kucheka zikhatho munthu akaterereka. Mulibe mthunzi, mulibe madzi. Dzenje limene mukaone pamwambapo linakula chonchi mu Epulo 2007, pamene pansi pake panagumukira m'kati mamita oposa 300 pa nthawi ya kuphulika kwakukulu.

Vuto la phirili n'lakuti silimvera ndondomeko ya mlendo. Akatswiri amaliyang'anira usana ndi usiku, ndipo likayamba kusonyeza zizindikiro akuluakulu a boma amatseka chipata cholowera mu Enclos. Komanso musapite ndi mtima wokaona moto ukuyenderera, poti masiku ambiri a chaka phirilo limakhala chete. Nyengo ikaipa, nyumba yoonetsera za mapiri amoto ya Cité du Volcan ku Bourg-Murat imathandiza kuti tsiku lisapite pachabe, ngakhale singalowe m'malo mwa phiri lenilenilo.

Phiri lomweli mukhoza kulionanso kuchokera kumunsi, pamsewu wa m'mbali mwa nyanja pakati pa Saint-Philippe ndi Sainte-Rose. Apa ndi pamene chiphalaphala chimatsikira chikamapita kunyanja, ndipo chakhala chikudula msewuwu kangapo, kuphatikizapo mu 2007. Mumayenda m'nkhalango yothithikana, mwadzidzidzi nkhalango ija yatha, kwatsala thanthwe lakuda kuyambira kuphiri mpaka kumafunde. Chimene ndimakonda kuno n'kuona mmene moyo umabwerera: pa chiphalaphala chatsopano pamangokhala ndere zotuwa, pa chakale pamera kale zitsamba ndi timitengo. Ku Piton Sainte-Rose kuli tchalitchi cha Notre-Dame des Laves, chimene chiphalaphala cha mu 1977 chinachizinga n'kuima polowera, nyumbayo osagwa. Njira yakumunsiyi siitopetsa ndipo siifuna kulawirira, n'chifukwa chake ndimati ndi ya masana, kapena ya amene ali ndi ana ndi okalamba. Koma munthu atandipanikiza kuti ndisankhe imodzi, ndingatenge yakumtunda.

Mpikisano weniweni uli pa zigwa zitatu zazikulu zozinga Piton des Neiges, phiri lakale limene linazima, lotalika pafupifupi mamita 3,070. Zigwazi ndi Mafate, Cilaos ndi Salazie, ndipo pamodzi ndi mapiriwa zinalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2010. Zinagundana misana, moti pamapu mungati n'kudumpha kamodzi, koma chilichonse chili ndi khomo lakelake lochokera kunyanja. Kuchoka m'china kupita m'china pagalimoto ndiye kutsika mpaka kugombe n'kuyambanso kukwera. Pa ulendo waufupi simungazikwanitse bwino zonse zitatu.

Mafate mulibe msewu wa galimoto. Anthu okhala m'midzi ya m'menemo amayenda wapansi, ndipo katundu wolemera amabwera pa helikopita. Kale akapolo othawa m'minda ya m'mbali mwa nyanja ankabisala m'mapiri amenewa, ndipo mukaona makoma ake mumamvetsa chifukwa chake kunali kovuta kuwalondola. Njira yotsika mtengo wa nthawi ndi kukwera pagalimoto kuchokera ku Saint-Paul mpaka pa Maïdo, pafupifupi mamita 2,200 kumtunda, n'kusuzumira m'chigwamo. Madenga a nyumba amaoneka ngati timadontho pansi penipeni. Koma Maïdo ndi wa olawirira okha, ndipo mukamaliza kuona palibenso chochita chambiri. Kulowa m'katimo ndi nkhani ina: kuchokera pa Col des Bœufs, mbali ya Salazie, mumatsika pafupifupi maola awiri kukafika kumudzi wa La Nouvelle. N'zotheka kubwerera tsiku lomwelo, koma kukoma kwa Mafate kuli pogona komweko, ndipo kumeneko kumadya theka la ulendo wanu wonse.

Cilaos ndiye wa dzuwa. Msewu wake wochokera ku Saint-Louis umatchuka ndi makhona okwana 400, ndi ngalande zopapatiza zodutsa galimoto imodzi nthawi imodzi. Amene amachita nseru m'galimoto aganize kaye, ndipo woyendetsa akumbukire kuti kumeneko amayenda kudzanja lamanja. Mukafika mumapeza tauni yeniyeni, ya malo ogona ndi odyera, akasupe a madzi otentha, mphodza zotchuka za m'deralo ndi vinyo wa komweko. Njira zoyenda wapansi zimayambira pafupi, zazifupi ndi zazitali zomwe. Ndi kuno kumene ambiri amayambira kukwera Piton des Neiges, kugona panjira pa Caverne Dufour n'kudzuka usiku kuti dzuwa liwatulukire ali pansonga. Ulendo umenewo ndi wa masiku awiri, ndipo pa masiku anayi okha ine ndingausiye.

Salazie ndiye wa mvula. Ali mbali ya kum'mawa, kumene mphepo yochokera kunyanja imakhuthulira madzi ake, choncho chilichonse n'chobiriwira ndipo madzi amatsika m'makoma paliponse. Mathithi a Voile de la Mariée amaonekera pamsewu pomwe. Mipanda ndi zitsamba zakutidwa ndi chouchou, chomera choyanga chimene eni dera amadya zipatso ndi nsonga zake zomwe. Kumtunda kuli Hell-Bourg, kamudzi ka nyumba zakale zamatabwa zopaka utoto, za makonde osemedwa mwaluso. Ubwino waukulu wa Salazie ndi wakuti msewu wake ndi wosavuta poyerekeza ndi wa Cilaos, ndipo mitambo siimuononga kwenikweni, chifukwa zokongola zake zambiri zili pafupi ndi maso.

Pa zitatuzi, wa masiku atatu ndimamuuza kuti atenge Maïdo m'mawa wachiwiri ndi Salazie tsiku lachitatu. Wa masiku anayi, amene angathe kugona usiku umodzi kumtunda, asinthe Salazie ndi Cilaos, chifukwa Cilaos wongopita n'kubwerera tsiku lomwelo amasanduka ulendo wa msewu wokhawokha. Ena amadula nkhani yonseyi pokwera helikopita yoonetsa alendo, imene m'nthawi yochepa imadutsa pamwamba pa zigwa, pa phiri lamoto ndi pa Trou de Fer, phompho la mathithi limene wapansi amangolionera patali. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo nayonso imadalira m'mawa wopanda mitambo.

Gombe lisakudyereni m'mawa. Magombe a mchenga woyera ali kumadzulo, ku L'Ermitage ndi La Saline-les-Bains, kumene matanthwe a m'nyanja amatchinga mafunde n'kusiya madzi odikha, osaya, a nsomba zamitundumitundu. Kumeneko dzuwa limakhalapo mpaka madzulo, ndiye n'kotsikira mukachoka ku Maïdo. Ku L'Étang-Salé mchenga ndi wakuda ndipo masana umawotcha mapazi. Pali lamulo limodzi losaseweretsa: kuyambira mu 2011 shaki zinavulaza ndi kupha anthu angapo, ndipo kusambira kumaloledwa m'malo otchingidwa kapena oyang'aniridwa okha. Kwina kulikonse, ngakhale madzi aoneke okopa bwanji, musalowe. Amene ali ndi ana akhoza kudutsa ku Kélonia, ku Saint-Leu, kumene amasamalira akamba a m'nyanja, ndipo pakati pa Juni ndi Okutobala anamgumi amaoneka kufupi ndi gombe lomwelo.

Miyezi imeneyi ndiyonso yabwino kumapiri, chifukwa kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo ndi nthawi ya mvula ndi anamondwe, pamene njira zina zimatsekedwa. Koma Juni mpaka Okutobala ndi miyezi yozizira kumtunda, moti pa Pas de Bellecombe m'bandakucha nthawi zina pamagwa chisanu, choncho juzi isatsale. Usiku woti mawa lake mukwera phiri lamoto musagone ku Saint-Gilles, kugombe la kumadzulo, chifukwa mudzathera m'mawa wonse pamsewu. Gonani kufupi ndi phirilo, ku Plaine des Cafres kapena ku Bourg-Murat. Ndipo phirilo muliike tsiku loyamba, kuti mitambo ikakukanizani mukhale ndi mawa loti muyeserenso.