Foni, modemu, MiFi kapena rauta: intaneti ya pa kompyuta ya patebulo kuno ku Mulanje

Anzanga a ku Chitakale ndi ku Luchenza akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kompyuta ikukwawa pa intaneti, tigule chiyani? Ena afika poganiza zoigulitsa kumene. Ine ntchito yanga ndi yotayipa ndi kupulinta, ndipo makasitomala ambiri amabwera ndi mafomu ofunika kutumiza pa intaneti, ndiye njira zonse zinayi, foni, modemu, MiFi ndi rauta, ndazigwiritsapo ntchito pa kompyuta imodzi, m'chipinda chimodzi. Chimene ndaona n'chakuti kawirikawiri kompyuta imakhala yosalakwa. Nkhani imagona pa malo amene simukhadi yakhala.

Musanatulutse ndalama, yesani izi. Tengani foni, tsegulani fast.com kapena speedtest.net, masamba oyezera liwiro la intaneti, muli chiimire pamene pali kompyutapo. Yesaninso pawindo, kenako panja. Yang'anani kachilembo kapamwamba pa sikirini: E ndiye kuti mwagwera pa 2G, H+ ndi 3G, pomwe 4G kapena LTE ndi imene tikufuna. Manambala akasiyana kwambiri pakati pa m'nyumba ndi panja, dziwani kuti malata ndi njerwa zootcha zikukudyerani netiweki. Kwathu kuno onjezerani phiri, lomwe pa Sapitwa limafika mamita 3,002, ndi zigwa za m'minda ya tiyi ku Thyolo. N'chifukwa chake mnzanu wa tsidya lina la msewu amatha kuyamikira TNM inu mukuyamikira Airtel, nonse mukunena zoona. Yesani makadi onse awiri pamalo panupo. A ku Muloza samalaninso, foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique. Sankhani nokha netiweki m'malo moisiya kuti izidzisankhira.

Njira yotchipa ndi foni yomwe muli nayo kale. Makompyuta ambiri a patebulo alibe Wi-Fi, ndiye hotspot siigwira pokhapokha mutagula ka adaputa kobaya pa USB. Kulumikiza ndi chingwe chotchajira n'kutsegula USB tethering sikulira ndalama ina, ndipo liwiro limakhala labwino ndithu. Kuipa kwake foni imatentha, wina akakuimbirani intaneti imatha kudukiza, ndipo mukapita kumsika ndi foniyo otsala pakhomo atsala opanda intaneti.

Koma pali chinthu china pa njira imeneyi chimene chinandiwawa. Mukalumikiza foni ndi chingwe, Windows imaona ngati mwailumikiza ku intaneti ya muofesi yopanda malire, n'kuyamba kudzitengera ma update mwakachetechete. Inu mukudikira fomu ya kasitomala kuti itseguke, kompyuta ili kalikiliki kukoka mafailo aakulu kumbali. Tsamba silitseguka, bandulo n'kutha musanagwire ntchito iliyonse. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager atseguke, muone pa mzere wolembedwa Network kuti akudya ndani. Kenako pitani ku Settings, Network & Internet, Ethernet, muyatse Metered connection, imene imauza Windows kuti intaneti yanu ili ndi malire. Zimitsaninso Delivery Optimization, imene imalola kompyuta yanu kugawira makompyuta ena ma update. Izi chitani ngakhale mutasankha njira ina iliyonse pa zinayizi, chifukwa bandulo yake ndi yomweyo.

Tsopano modemu, kaja kooneka ngati fulashi. Apa ndilankhula ndi mkwiyo ndipo sindibisa. Ndinaigula mu shopu ina mu Limbe, pa katoni palembedwa 4G ndi zilembo zikuluzikulu. Nditafika nayo kunyumba, inkangogwira 3G basi, pamene foni yanga pa tebulo lomwelo, ndi simukhadi yomweyo, inkaonetsa 4G. Nditabwerera, wogulitsa anandiuza kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Ndalama ya modemu inapita, ya minibasi ulendo wobwereza inapitanso. Pambuyo pake ndi pamene ndinamvetsa kuti 4G siyofanana paliponse: kampani iliyonse ili ndi ma band ake, kutanthauza mafunde amene netiweki yake imayendapo, ndipo modemu yopangidwira dziko lina imatha kukhala ya 4G yeniyeni koma osamva ma band a kuno. Zina zimabwera zokhomedwa kuti zizilandira simukhadi ya kampani imodzi yokha. Zonsezi pa katoni salemba poonekera.

Ngakhale mutapeza yabwino, ganizirani pamene imakhala. Sipiyu, bokosi lija la kompyuta ya patebulo, timaiika pansi, pakona, kumbuyo kwake kutatsamira khoma. Modemu ndi kanthu kakang'ono, eriyo yake ndi yochepetsetsa, ndiye mwaibaya kuseri kwa bokosi lachitsulo pafupi ndi simenti. Kuli ngati kuyanika mphale m'chipinda chogona n'kumadabwa kuti siikuuma. Chingwe chotalikitsira USB chimathandiza kuifikitsa pawindo, koma cha USB 2.0 chikapitirira mamita 5 chimayamba kuvuta, modemu n'kumangozima n'kuyaka. Kwa munthu wa laputopu amene angathe kusamukira pakhonde, mwina. Kwa ife a patebulo, ine sindingakulangizeni.

MiFi, kabokosi kolowa simukhadi kamene kamagawa intaneti pa Wi-Fi, ndi yabwinopo. Mutha kuiika pawindo, ili ndi batire, ndipo anthu angapo amalumikizapo nthawi imodzi. Koma batirelo limathandiza mafoni ndi malaputopu. Magetsi akazima kompyuta ya patebulo yazima kale, pokhapokha muli ndi UPS (batire losungira kompyuta magetsi) kapena sola. Komanso kuti muilumikize popanda chingwe mufunikabe ka adaputa ka Wi-Fi kaja, ndipo MiFi yokhalira pa chaja usana ndi usiku batire lake limatha kufufuma.

Imene ndakhazikika nayo ndi rauta ya 4G yolowa simukhadi. Ndi yodula kuposa zinazi, palibe chobisa. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: rauta imakhala kumene kuli netiweki, kompyuta imakhala kumene kuli tebulo, pakati pake chingwe cha intaneti chotchedwa Ethernet, chimene chimatha kufika mamita 100 liwiro osatsika. Yanga ndinaikhomera kashelefu pamwamba pa windo loyang'ana kumsewu, chingwe n'kudutsa m'mbali mwa khoma. Mafomu amene ankakanika pakati tsopano amapita kasitomala asanamalize kundilongosolera za ulendo wake. Marauta ena ali ndi timabowo kumbuyo tolumikizira eriyo ya panja, imene mungaimangirire pa mtengo wautali kudutsa denga, ndipo kwa okhala m'chigwa zimenezi zimasintha zinthu. Nthawi ya mvula ya ziphaliwali muzizula zonse ku magetsi, eriyo ya panjayo ndiye makamaka.

Rautayo siichiritsa mavuto onse ayi. Madzulo anthu akaweruka n'kukhamukira pa Facebook ndi TikTok, nsanja imodzi imagawira anthu ambiri ndipo liwiro limatsika kwa aliyense. Mafailo aakulu tumizani m'mamawa. Samalaninso ndi mabandulo otchedwa opanda malire: ambiri ali ndi mlingo wake, ukakwana amakutsitsirani liwiro mpaka bandulo ithe nthawi. Munthu amayamba kukayikira rauta kapena kompyuta, pamene yankho lili m'timalemba ting'onoting'ono ta malamulo a bandulo. Funsani mlingowo musanagule. Ndipo mukaona liwiro la 8 Mbps pa fast.com, musayembekezere kuti failo ya 8 MB itsika pa sekondi imodzi; 8 Mbps ndi 1 MB yokha pa sekondi.

Ena andifunsa za Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023. Siidalira nsanja za mafoni, ndiye phiri siliitchinga bola mbale yake ione kumwamba popanda mitengo. Koma mtengo wa zipangizo ndi wa pamwezi ndi woyenera loji, sukulu kapena ofesi ya ku esiteti, osati kashopu ngati kanga, ndipo mvula yamphamvu, imene kuno siisowa, imatha kuidukiza.

Ngati mumalowa pa intaneti mwa apo ndi apo, khalani ndi foni ndi chingwe chake, Metered connection itayatsidwa. Ngati kompyutayo ndi imene imakudyetsani, sungani ndalama mugule rauta ndi chingwe cha Ethernet, modemu muidumphe. Pokagula nyamulani simukhadi yanu, muilowetse mu shopu momwemo, ndipo musapereke ndalama mpaka mutaona ndi maso anu kuti yagwira 4G.