Foni, wotchi, sikelo kapena kope: chiti chingakuuzeni zoona za thupi lanu?

Anthu ambiri muno mu Lusaka akaganiza zoyamba kulimbitsa thupi amathamangira kufunsa chogula: wotchi yowerenga masitepe, sikelo ya m'nyumba, kapena angoika pulogalamu pa foni. Funso limenelo lizibwera pambuyo. Chida chilichonse chimayeza bwino chinthu chimodzi n'kunama pa zinazo, ndiye muyambe mwadziwa chimene mukufuna kuyeza.

Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, a chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera opepukirako, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu, monga kuthamanga, mphindi 75 mpaka 150. Awonjezerepo masiku 2 olimbitsa minofu. Kwa woyamba kumene, zimenezi ndi mphindi 30 masiku 5 pa sabata. Ngati cholinga ndi kuchepetsa thupi, liwiro labwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata. Choncho makilo 10 ndi ntchito ya masabata 10 mpaka 20, osati ya mwezi umodzi wotsala kuti ukwati wa mu Disembala ufike. Wolemera makilo 90 ayambe ndi kuchotsa 4 kapena 5, chifukwa ngakhale zimenezo zimathandiza kale pa shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zosiyana. Pali zimene mukuchita inu, monga mphindi, masitepe ndi masiku, zomwe zimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Palinso mmene thupi likuyankhira, monga chiuno, makilo ndi mphamvu, zomwe zimaoneka pakapita masabata. Ambiri amagwa ulesi chifukwa choyang'ana zachiwirizi m'mawa uliwonse.

Tiyambe ndi foni, popeza muli nayo kale. Samsung Health ndi mapulogalamu ena otere amawerenga masitepe, pomwe Strava imagwiritsa GPS, njira ya foni yodziwira pamene muli, kuyeza mtunda ndi liwiro. Kuwerenga masitepe sikudya bandulo, ndipo GPS nayonso imalemba ulendo popanda intaneti. Bandulo imafunika poonetsa mapu ndi potumiza ulendowo. Vuto lalikulu la foni ndi loti imawerenga pokhapokha ili pathupi. Ikatsala pa tchaji, pa desiki kapena m'chikwama chopachika kukhoma, masitepe onse a m'nyumba ndi a kuntchito amatayika.

Vuto lachiwiri limavutitsa kwambiri a mafoni a Tecno, Infinix ndi Itel. Mafoniwa amatseka mapulogalamu mwakachetechete pofuna kusunga batire. Mwayenda kuchokera ku Kalingalinga, mwazungulira ku UNZA, mwabwerera, koma mapu akuonetsa mzere woongoka ngati munauluka, ndipo makilomita 5 asanduka 2. Lowani mu Settings, pagawo la batire, mulole pulogalamuyo izigwirabe ntchito sikirini itazima. Musanayambe imani panja mphindi imodzi kuti GPS ikupezeni. Ogwiritsa Strava akumbukirenso kubisa poyambira ndi pothera ulendo, apo ayi aliyense amaona geti la nyumba yanu ndi ola limene mumatuluka m'bandakucha.

Nambala ya masitepe 10,000 isakuopseni. Inachokera ku Japan cha m'ma 1965, pa dzina la kachipangizo kotchedwa Manpo-kei komwe kampani ina inkatsatsa, osati kwa madokotala. Yendani sabata yoyamba monga mwa nthawi zonse, muone nambala ya pa tsiku. Ikakhala 4,000, limbanani ndi 5,000 kwa masabata awiri, kenako 6,000. Kilomita imodzi ndi masitepe 1,300 mpaka 1,400 kwa anthu ambiri. Komanso masitepe 8,000 ozungulira mumsika wa Soweto mukunenerera mitengo ya tomato si ofanana ndi 8,000 a ndawala. Ndawala yeniyeni ndi masitepe pafupifupi 100 pa mphindi, pamene mungathe kulankhula koma osatha kuimba.

Wotchi imaposa foni pa chinthu chimodzi: imakhala padzanja tsiku lonse. Koma ubwino umenewo ndiwo umainamitsanso. Imaona kugwedezeka kwa dzanja, osati kwa miyendo, ndiye kuchapa, kusesa ndi kuvundula nsima ndi mthiko zonse zimalowa ngati masitepe. Minibasi ikamadumpha m'maenje imakupatsaninso ena aulere. Ivaleni kudzanja limene simugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo muiyese poyenda masitepe 100 mukuwerenga pakamwa. Ikaonetsa pakati pa 95 ndi 105, ili bwino.

Kugunda kwa mtima imakuyeza ndi kagetsi kobiriwira ka kunsi kwake. Ikhale yogwira bwino, chala chimodzi pamwamba pa kafupa ka padzanja, chifukwa ikakhwepa kuwala kwa panja kumalowa n'kusokoneza. Samalani ndi mawotchi otchipa kwambiri ofanizira a mayina akuluakulu. Ena amangotulutsa nambala yopeka. Igonekeni patebulo muiyatse: ikanena kuti tebulo lili ndi mtima wogunda ka 78, ibwezeni. Mukhozanso kudziwerengera nokha pakhosi kwa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri, muyerekeze.

Nambala yosayenera kukhulupirira pa wotchi iliyonse, yodula kapena yotchipa, ndi ya makalori, muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya n'kuitentha pogwira ntchito. Mu 2017 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anayesa zida 7 za padzanja. Pa kugunda kwa mtima zambiri zinachita bwino, koma pa makalori choyesetsa kwambiri chinkaphonya ndi 27 peresenti, choipitsitsa ndi 93. Apa m'pamene anthu amapwetekera. Wotchi yati mwatentha 400, inu n'kudzipatsa mphoto ya botolo la chakumwa cha shuga. Kuyenda ndawala mphindi 30 kwa munthu wa makilo 70 kumatentha makalori pafupifupi 140, pamene botolo la theka la lita lili ndi pafupifupi 200. Pogula ganiziraninso za malaiti: timawotchi tating'ono tonga chibangili timatha sabata kapena kuposa, zikuluzikulu zambiri zimafuna tchaji tsiku lililonse kapena lachiwiri.

Sikelo siinama, koma imanena zambiri zosakukhudzani. Thupi limasintha ndi kilo imodzi kapena ziwiri pa tsiku chifukwa cha madzi, mchere, nsima ya usiku, ndi nthawi ya kumwezi kwa amayi. Masikelo nawonso amasiyana. Kukwera ya kukiliniki Lolemba, ya m'mbali mwa msewu ku tauni Lachinayi, n'kuyerekeza ziwirizo, n'kudzivutitsa chabe. Sikelo ikhale imodzi, pasimenti osati pamkeka, m'mawa mutachoka kuchimbudzi musanadye. Kwerani katatu pa sabata, phatikizani, gawani ndi 3, ndipo nambala imeneyo ndiyo muziyerekeza ndi ya sabata yotsatira. Masikelo onena kuchuluka kwa mafuta amadalira madzi a m'thupi, ndiye mu Okutobala wotentha uja amasinthasintha popanda chifukwa.

Tepi ya telala, yomwe imapezeka m'mashopu a nsalu ku Kamwala, imayeza chimene chili choopsa kwenikweni: mafuta a m'mimba. Pezani nthiti yomalizira ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, muzunguze tepi pakati pake, pakhungu, mutatulutsa mpweya mosakakamiza. Malire otchulidwa kawirikawiri ndi masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. Chosavuta kukumbukira ndi choti chiuno chisafike theka la msinkhu wanu: wamtali masentimita 170 chikhale pansi pa 85. Zolakwika zake ndi kukoka mimba, tepi kupendekeka kumsana, kuwerenga mbali ya mainchesi, ndi tepi yakale yotamuka. Kawiri pa mwezi n'kokwanira. Amene wayamba kunyamula zolemera akhoza kutha miyezi iwiri sikelo itaima pamodzi, tepi ikuonetsa kuti masentimita 3 apita.

Kwa anthu ambiri, msana wa zonsezi ukhale kope wamba la ana asukulu. Ndi lokhalo lomwe limalemba chilichonse, silifuna tchaji, ndipo palibe wakuba amalisirira. Lembani mizere inayi: tsiku, chimene mwachita, mphindi, ndi kulimba kwake kuyambira 1 mpaka 10. Lamlungu madzulo phatikizani mphindi zija muone ngati zafika 150. Pa masewera a minofu ndi pomwe kope lilibe mnzake, chifukwa foni siidziwa kuti mwachita mapushapu angati. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 kapena 20 ndi chitsulo chanu chodziwika kulemera kwake. Yambani ndi kuchinyamula ka 8, n'kupuma, mpaka maulendo 3. Mukafika ka 12 mosavutika, onjezani madzi mubwerere pa 8. Kufooka kwa kope ndi mwini wake: akadikira mawa amaiwala, kapena mphindi 20 amazikweza kukhala 30. Lembani thukuta lisanaume.

Kamodzi pa mwezi dziyeseni pamtunda wodziwika. Bwalo la mamita 400, monga la kumalo a masewera a OYDC pa Great North Road, ndi loyenera: mumzere wa mkati, kuzungulira kawiri ndi theka ndi kilomita imodzi. Mayeso a dokotala wa ku America Kenneth Cooper a 1968 ndi osavuta. Yendani kapena thamangani mphindi 12, muwerenge mwazungulira kangati, mulembe. Kulibe bwalo pafupi, sankhani msewu umodzi wokhala ndi zizindikiro ziwiri zosasuntha. Chitani ola lomwelo nthawi zonse, ndipo musayerekeze zotsatira za mu Juni wozizira ndi za masana a Okutobala. Amene wangosamukira kuno kuchokera kuchigwa monga ku Chirundu asadabwe ndi befu masabata oyamba, chifukwa Lusaka ali pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera panyanja yamchere.

Wotchi yonena kuti imayeza BP kapena shuga musaidalire pa mankhwala anu. Amene ali ndi matenda amenewa, kapena amamva kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda, ayambe wapita kukiliniki kukayezedwa ndi makina omanga pamkono, ndipo nambala ya tsiku limenelo ikhale yoyamba patsamba loyamba la kope.