DSLR kapena kamera ya mono: yoyezera nyenyezi zosinthasintha kuwala ndi iti?

Musathamangire kugula zodula abale. Ngati muli kale ndi DSLR (kamera wamba yosintha malenzi) ya Canon kapena Nikon, yambirani pomwepo. Pa nyenyezi zowala ngati Algol, yomwe imazilala pakatha masiku osakwana atatu, DSLR imakwana ndithu, bola mujambule mu RAW (zithunzi zomwe kamera sinazikonze) ndipo fokasi muiphonyeko dala pang'ono kuti kuwala kumwazike pa mapikiselo ambiri. AAVSO (bungwe losonkhanitsa miyeso ya nyenyezi zosinthasintha kuwala) imalandira zotsatira za DSLR, mumangolemba kuti TG, ndiye kuti mwagwiritsa ntchito mapikiselo a girini okha.

Vuto la DSLR ndi loti ilibe chozizilitsira, sensa ikatentha noise (timadontho tosokoneza chithunzi) imachuluka ndipo nyenyezi zofooka zimangosowa.

Kamera ya mono (yosajambula mitundu) ya sensa ya CMOS ngati ZWO ASI533MM Pro ndi nkhani ina, imazizira yokha mpaka pa tempirecha yomwe mwaika ndiye ma dark anu (zithunzi zojambula kamera ili yotseka, zochotsera noise) amagwirizana usiku uliwonse, komanso mukaika fyuluta ya Johnson V (yomwe oyeza kuwala kwa nyenyezi amagwiritsa ntchito) manambala anu amayerekezeka bwinobwino ndi a anzanu. Koma thumba likonzeke: fyuluta, laputopu, magetsi a 12V, zonsezo ndi ndalama.

Nanga kamera za CCD (sensa za mtundu wakale)? Ndi zabwino, kungoti zatsopano zikusowa masiku ano. Ineyo mono ndingagule nditayamba kusaka nyenyezi zomwe DSLR ikulephera.