Ulendo wa ku Durban pa Quantum: nyanja ndi yokoma, koma funsani bwino musanalipire

Nyenyezi 3 mwa 5.

Anthu angapo pagulu lathu la pa WhatsApp la a Malawi a ku Mayfair akhala akundilembera kumbali kuti, "Achimwene, ulendo uja munauona bwanji, ife tilipire kapena tisiye?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndingolemba kamodzi. Dzina la okonza ulendowo sinditchula. Ndi achinyamata akwathu konkuno ku Joni amene amatengera anthu ku Durban kumapeto kwa sabata, ndipo ambiri a inu chithunzi chawo chotsatsa chinakufikani kale pa foni.

Tinapita kumapeto kwa October, ine, mayi a Tadala ndi Tadala mwini wake wa zaka 9. Akuluakulu tinalipira R2,600 aliyense, mwana theka, ndalama ya chipereganyu yomwe inatigwera mwezi umenewo. Pa mtengowo anatilonjeza mayendedwe, kugona usiku umodzi "pafupi ndi nyanja", chakudya cham'mawa, "kulowa ku uShaka" ndi kuzungulira mzinda. Mawu awiri ndaika m'mitengerowo muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Anati tinyamuka 9 koloko usiku Lachisanu pafupi ndi Park Station. Tinanyamuka 11 itadutsa, kudikirira anthu awiri ochokera ku Diepsloot. Apa sindikwiya kwambiri, nthawi ya kumudzi tonse tinabwera nayo m'zikwama. Galimoto inali minibasi ya Quantum yooneka bwino, yokoka ngolo ya katundu kumbuyo, ndipo dalaivala anali bambo wachikulire wa Chizulu, wa ku Ladysmith, wosathamanga komanso wosagwira foni ali pa chiwongolero. Nyenyezi imodzi mwa zitatu ndaperekazi ndi yawo bambo amenewa. Msewu wa N3 kuchoka ku Joni kukafika ku Durban ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo pali ma toll gate 5: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill. Onsewa analipira okha, sanatisonkhetse panjira monga ndimamvera kuti ena amachitira.

Tengani jekete. Mayi a Tadala anavala ngati tafika kale kugombe, ndipo titaima ku Harrismith cha m'ma 2 koloko usiku anali kunjenjemera mpaka anafunda chitenje chomwe anakulungira makapu. Kuchoka pamenepo msewu umatsetsereka pa Van Reenen, phiri la makhota, nkhungu ndi mathiraki ondondozana. Adalaivala anatiuza kuti mu September 2024 chipale chofewa chinatseka msewu pamalo omwewo, anthu n'kugona m'magalimoto usiku wonse. Atatero, aliyense amene ankadandaula kuti tikuyenda pang'onopang'ono anakhala chete.

Kuchedwa kuja kunatipindulira pena, chifukwa tinalowa mu Durban kukucha. Mzindawu unayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatuluka m'madzi, chimodzimodzi kwathu ku Nkhotakota. Ndinaima pamchenga wa North Beach nsapato zili m'manja, mtima n'kubwerera ku gombe lomwe ndinakulira. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kukakhala kowala umaona mapiri a tsidya la Mozambique, pomwe apa maso amangopita mpaka kutopa. Kutali kunali sitima zikuluzikulu zitaima pamzere kudikirira kulowa padoko. Ilala yathu itaima pambali pa imodzi mwa zimenezo ingaoneke ngati bwato la asodzi a usipa. Ndinamuuza Tadala kuti galimoto ya amalume ake ya ku Japan ija inatsikira padoko limeneli isanayambe ulendo wa pamsewu wopita ku Lilongwe, iye n'kufunsa ngati inanyowa.

Tsopano ndiulule manyazi anga, mwina wina apulumukirapo. Ine ndinaphunzira kusambira ndisanaphunzire kulemba, ndipo mwera ndimaudziwa. Ndinalowa m'madzi monyada, chapatali pang'ono ndi pomwe panali anthu, poti sindinkafuna kupanikizana. Funde loyamba linandimenya pachifuwa, lachiwiri linandigubuduza ngati thumba la makala, ndipo podzuka ndinapeza mchenga m'makutu ndi m'kabudula, madzi amchere akuluma m'maso. Kenako ndinamva ngati wina akundikoka miyendo kulowera kwakuya. Mnyamata wa lifeguard analiza wezulo n'kundikodola mwaukali. Nditatuluka anandifotokozera mofatsa kuti malo osambira ndi pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu basi. Madzi omwe mafunde amakankhira kumtunda amabwerera kunyanja kudzera m'ngalande zosaoneka, zothamanga ngati mtsinje, ndipo ukagweramo usalimbane nawo polunjika kumtunda, uzisambira cham'mbali motsata gombe mpaka utulukemo. Mayi a Tadala anangoti, "Bambo a Tadala, ukatswiri wa ku Nkhotakota uja mwausiya pa boda?" Mpaka lero nkhaniyi sinathe kunyumba.

Chinanso chomwe nyanja yathu ilibe: madzi a kuno amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Tinasiya matawulo ndi nsapato pamchenga wouma, pobwera tinapeza funde likunyambita chikwama. Ikani katundu kumtunda kwenikweni, ndipo wina atsale akuyang'anira, osati nonse m'madzi foni zili pa tawulo. Madzi ake ndi ofunda bwino, osati ozizira mano ngati omwe anzathu opita ku Cape Town amadandaula. Za shaki musade nkhawa kwambiri pa magombe a mumzinda, a KwaZulu-Natal Sharks Board amatchera maukonde ndi zida zina kutsogolo kwake. Chodetsa nkhawa chenicheni ndi ukhondo wa madzi. Chiyambire madzi osefukira a mu April 2022 omwe anawononga mapaipi a zonyansa, khonsolo ya eThekwini imatseka magombe ena nthawi ndi nthawi tizilombo ta E. coli tikachuluka. Achemwali omwe ankatsogolera gulu lathu anali atafufuza kale gombe lotsegula tsiku limenelo, ndipo pamenepa ndiwayamikire.

Kuyamika kuthere pomwepo kaye. "Pafupi ndi nyanja" kuja kunapezeka kuti ndi loji ina kuseri kwa mzinda, mphindi 20 pa galimoto, komwe nyanja umaiona pa kalendala ya pakhoma. Zipinda zinali zaukhondo, madzi otentha analipo, koma anafuna kutigoneka amuna kwaokha anayianayi, akazinso kwaokha, pomwe ife tinalembetsa ngati banja. Zinatheka titakangana, ndipo chipinda chathu tinachilandira 2 koloko masana. Chakudya cham'mawa chinali tiyi, buledi magawo awiri ndi dzira limodzi.

Za uShaka ndiye zinandiwawa, chifukwa Tadala anakhala mwezi wathunthu akuwerenga masiku kuti akaone ma dolphin. uShaka Marine World, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ili ndi zigawo. Kuli Village Walk, komwe kuli masitolo ndi malo odyera, ndipo aliyense amalowa ulere. Kuli Sea World, komwe kuli ma dolphin, komanso nsomba ndi shaki zomwe mumakaziona polowa m'nyumba yomangidwa ngati sitima yakale yomwe inachita ngozi. Kulinso Wet 'n Wild, kwa masewera otsetsereka m'madzi. Ziwiri zomalizazi ndi za tikiti. Atsogoleri athu anatilowetsa ku Village Walk n'kunena kuti, "Tafika, tikumane pano 12 koloko." Nditafunsa za matikiti, achemwali aja anati pa chithunzi analemba kulowa ku uShaka, sanalembe Sea World. Mwalamulo mwina akunena zoona, koma munthu sungandigulitse khomo lomwe ndi lotsegula kale. Tinapisa m'thumba n'kugula matikiti atatu a Sea World patokha. Sindinong'oneza bondo, mwana anaima pa galasi la shaki pakamwa pali yasa kwa mphindi zambiri, ndipo inenso, msodzi wa chambo, ndinaona nsomba zomwe sindikanakhulupirira wina akanandiuza. Koma ndalama imeneyo sinali mu bajeti, ndipo mabanja awiri omwe analibe yapadera anakhala panja ana akulira.

Masana pulogalamu inati tipite ku Gateway, mall yaikulu ya ku Umhlanga, maola atatu. Ine ndinakana. Munthu wochokera ku Joni, komwe kuli Sandton City, Eastgate ndi Mall of Africa, ayende usiku wonse kuti akaone masitolo omwewo? Ife ndi bambo ena achikulire a ku Mangochi, omwe tonse tinkangowatchula kuti Ankolo, tinaitana takisi ya Bolt n'kupita ku Victoria Street Market. Ngati mukufuna kumva fungo la Durban, pitani kumeneko. Milu ya masala yofiira ndi yachikasu, zofukiza, mikanda ya Chizulu, madengu, ndipo mtengo mumanenerera ngati mu Limbe. Amwenye anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, n'chifukwa chake mbali imeneyi ya mzinda ndi yawo kuyambira kale. Mayi a Tadala anagula masala ina yomwe wogulitsa anati ndi ya apongozi, poti imawotcha lilime, ndipo tikuidyabe. Chapafupi pomwepo, pa msewu wa Dr Yusuf Dadoo womwe akale amautchabe Grey Street, pali mzikiti waukulu wa Juma, ndipo Ankolo analowa kukaswali ife tikudikira panja. Dera limeneli ndi lodzaza anthu ngati ku Bree ku Joni, choncho foni m'thumba lakutsogolo, chikwama pamimba, ndipo dzuwa likamapendeka muzichokako.

Kumeneko n'komwe tinadya bunny chow. Ndi buledi wosadula, kota kapena theka, wochotsedwa mkati n'kuthiramo kare ya nyama ya nkhosa, nkhuku kapena nyemba. Supuni musapemphe, mumanyema buledi n'kususa ngati nsima. Kota imodzi imakwana munthu wamkulu. Kwa mwana funsani yosawawa, ngakhale yosawawa ya ku Durban ndi yomwe kwathu timati tsabola wachuluka. Malo ambiri kumeneko ndi a halaal, Ankolo sanavutike.

Tikudya, Ankolo anatiuza kuti ankakhala ku Durban mpaka mu April 2015, pomwe alendo anayamba kuthamangitsidwa. Anagona pa msasa wa ku Isipingo, kenako anakwera mabasi omwe boma la Malawi linatumiza. Atabwereranso ku South Africa anasankha Joni, ndipo aka kanali koyamba kupondanso mu Durban. Sanalankhule zambiri, anangoti ankafuna aone ngati mtima ungalole. Ife masiku awiri onsewo palibe anatiyankhula moipa, koma pasipoti ndi pepala lanu muyende nazo, musasiye ku loji.

Lamlungu m'mawa tinawakakamiza kuti atibwezere kugombe m'malo mogona mpaka 10, ndipo anavomera. Apa m'pomwe ndinaona kuti zokoma zambiri za Durban n'zaulere. Msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa nyanja ndi wautali makilomita pafupifupi 8, kuchokera kukamwa kwa doko mpaka ku Blue Lagoon komwe mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja. Mumadutsa anthu othamanga, ana a njinga, anyamata oumba zinyama ndi mchenga, ndi abambo okoka ma rickshaw, ngolo zonyamula anthu, atavala zisoti zazikulu za mikanda ndi nyanga. Mukafuna kuwajambula gwirizanani mtengo kaye, chithunzinso n'cholipira. Chakumpoto mumaona uta woyera wa bwalo la Moses Mabhida lomwe linamangidwira World Cup ya 2010. M'mamawa mumapezanso a mipingo ya Zioni atavala zoyera ndi zobiriwira akubatizana m'mafunde, ndipo amayi amagulitsa zigubu zopanda kanthu kwa ofuna kutunga madzi a m'nyanja. Musaseke, nanenso ndinagula cha malita 5, poti azakhali a ku Rosettenville anandilamula kuti ndisabwere chimanjamanja. Chomwe amachita nawo madziwo sindinafunse.

Pobwerera adalaivala anapempha okha kuti tipatuke pang'ono ku Howick, kupitirira Pietermaritzburg, pamalo pomwe apolisi anagwira Nelson Mandela pa 5 August 1962 akudzionetsa ngati dalaivala wa mzungu. Pali mizati yachitsulo 50 yomwe inaimikidwa mu 2012. Ukaiyang'ana chapambali ndi zitsulo chabe zosongoka, koma ukatsika kanjira n'kuima pamalo oyenera, nkhope ya Mandela imatulukira. Izi sizinali pa pulogalamu, koma ndi zomwe Tadala anakasimba kusukulu kuposa ma dolphin.

Ndiye kwa amene mukufunsa ngati mulipire: ngati simunapiteko ndipo mukuopa kuyenda nokha, lipirani, galimoto ndi yabwino ndipo anthuwa si akuba. Koma musanatumize dipoziti afunseni dzina la loji ndi msewu wake muone nokha pa Google Maps, afunseni ngati tikiti ya uShaka ndi ya Sea World kapena ndi khomo laulere lija, ndipo za chipinda cha banja akulembereni pa WhatsApp kuti pakhale umboni. Nditadandaula Lolemba, achemwali aja anapepesa n'kutibwezera R300, ndipo ndaona kuti pa chithunzi chatsopano mawu a uShaka awachotsa, koma "pafupi ndi nyanja" akadalipo.

Ife tagwirizana kuti chipereganyu chikadzatigweranso tidzakwera basi wamba pa Park Station, tidzapeze chipinda chathu cha ku South Beach kapena North Beach komwe nyanja umaimva uli pabedi, mausiku awiri, ndipo osati mu December pomwe Joni yense amasamukira kumeneko. Ankolo ati tidzawauze tsiku.