Chikhakha kapena chitsulo: wosewera mpira akathyoka msongolo

Fupa likathyoka koma osasuntha, ndipo khungu silinang'ambike, chikhakha chimakwanira, ndipo amaika pachipatala cha boma pa Mangochi pomwepa atajambula X-ray. Vuto lake ndi nthawi. Mwendo umakhala womangidwa mwina miyezi 3, bondo ndi akakolo zimauma, katumba amaphwa. Kutentha kwa kuno nako kumayambitsa thukuta ndi kuyabwa, koma musalowetsemo kamtengo pokanda, mudzichititsa chilonda chobisika. Kunyanja musachinyowetse. Zala zikatupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chitsulo cholowetsa mkati mwa fupa ndi cha pamene fupa lasuntha kapena laphwanyika. Chimafuna opaleshoni ku chipatala chachikulu, monga Queens ku Blantyre, ndipo bala likhoza kuchita mafinya. Ubwino wake, munthu amapinda bondo ndi kuyamba kuponda msanga, minofu osafooka kwambiri.

Kwa wa mpira amene fupa lasuntha, chitsulo ndiye chabwino. Komabe msongolo umatenga miyezi 4 mpaka 6 kuti ugwirane. Idyani usipa ndi minga yomwe, siyani fodya, ndipo m'bwalo musalowe adokotala asanaone X-ray yatsopano.