Firiji yoyimirira kapena diipu friza, iti ingapirire kuno kwathu?

Alamu anga a ku Luchenza anandiimbira sabata yatha kuti ndalama za banki m'khonde agawana ndiye akufuna agule firiji ndalamazo zisanathere m'timavuto tapakhomo, koma atafika mu shopu ku Limbe mutu unawazungulira, uku kuli mafiriji oyimirira aja a zitseko ziwiri, uku kuli ma diipu friza ogona ngati bokosi, wogulitsa naye chilichonse akungoti ichi ndiye chabwino mayi. Ine kuno ku Chitakale, ku Mulanje, ndili nazo zonse ziwiri, yoyimirira ili pabalaza, diipu friza ili kukhitchini, ndiye tinacheza mpaka mayunitsi a foni kutha.

Zomwe ndinawauza ndi zoti ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha tengani diipu friza. Ndikudziwa ena akwiya nane chifukwa yoyimirira imakongoletsa pabalaza, mlendo akalowa amaona kuti pakhomo pano zinthu zikuyenda, koma firiji sitigulira alendo. Nkhani yagona pa magetsi basi.

Mpweya wozizira ndi wolemera, umathamangira pansi. Mukatsegula chitseko cha yoyimirira kuzizira konse kuja kumakhuthukira kumapazi kwanu, mumakumva ndithu mukakhala simunavale nsapato, pomwe diipu friza mukatukula chivundikiro kuzizira kumatsala momwemo ngati madzi mu ndowa, komanso makoma ake amakhala ochindikala. Magetsi akazima, mbali ya firiji ija imasunga zakudya bwinobwino kwa maola 4 okha, apo ndiye kuti ana sakutsegulatsegula, koma friza yodzadza imatha kufika maola 48 zinthu zidakali zouma, ikakhala theka maola 24. Amene tikukumbuka 2022 namondwe Ana atagumula damu la ku Kapichira mu January, mamegawati pafupifupi 130 n'kusowa nthawi imodzi mpaka chaka chotsatira, tikudziwa kusiyana kwake. Ine nthawi imeneyo nyama ya mbuzi ya mu yoyimirira ndinkachita kuiwamba mwachangu kuopa kuti inunkha, koma ya mu diipu friza inkadzuka idakali gwa ngati mwala.

Nzeru yake ndi yoti diipu friza isamakhale yopanda kanthu. Malo otsalawo ikanimo mabotolo apulasitiki a madzi, osadzadza mpaka pakamwa chifukwa madzi amafufuma akamaundana, ndiye magetsi akazima mabotolo aja ndi amene amagwira kuzizira, ena mutha kuwatulutsa n'kuika mu kula bokisi pamodzi ndi mkaka kapena ndiwo. Nyama ikasungunuka yonse mpaka kufunda musaibwezerenso, koma ngati mkati mudakali timiyala ta ayisi palibe vuto.

Koma ndisakunamizeni, diipu friza ili ndi nkhanza zake. Imaumitsa chilichonse, siisankha. Mpiru, chinese, mazira, mukaika m'menemo mwataya, masamba amatuluka atafewa pwetepwete ngati mwawathira madzi otentha. Mabotolo agalasi a zakumwa mukawaiwala usiku umodzi mumapeza ataphulika, n'kumatola magalasi pakati pa nkhuku. Chinthu chomwe mukufuna nthawi zonse chimakhala chili pansi penipeni, mpaka uwerame mutu kulowa mkati zala kuchita dzanzi, agogo a msana sangakwanitse zimenezo tsiku ndi tsiku. Imadyanso malo apansi, ndipo pamwamba pake simungasanjikepo zinthu, ngakhale ambirife timaisandutsa tebulo kenaka n'kumachotsa mapoto nthawi iliyonse tikafuna kutsegula. Ndipo ngati pakhomo pali ana ang'ono tengani ya loko, mwana akhoza kulowamo posewera chibisalirano chivundikiro n'kumutsekera, makamaka yakufa yomwe mwangoisiya pakhonde, imeneyo chotsani chivundikirocho kapena mangani ndi chingwe.

Zomwe imasunga bwino ndiye ndi zathu zomwe zino. Nandolo wamuwisi nthawi yake ikafika mumasenda, kumuviika pang'ono m'madzi owira, kumuziziritsa n'kumanga m'timapepala, mudzadya mpaka Khirisimasi. Chigwada chosinjasinja, nanazi wodula timapisi nthawi yomwe watchipa m'mbali mwa msewu, chambo, nkhuku zogula zambiri nthawi imodzi, nyama ya pa zinkhoswe, zonsezi zimakhala miyezi pa madigiri -18. Ndipo amene akuganiza za geni ya ma freezes kapena madzi ozizira pa Limbuli kapena pa Nkando tsiku la msika asataye nthawi ndi yoyimirira, kabokosi kake kapamwamba kaja simungaumitsemo zokwanira kugulitsa. Ma diipu friza ena masiku ano amabwera ndi kabatani kotembenuza kuti izingoziziritsa osaumitsa, funsani mu shopu, koma dziwani kuti imachita chimodzi pa nthawi, siingaumitse nyama uku ikusunga tomato.

Yoyimirira ndi ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Ndiwo zotsala usiku, mkaka wa ku Bvumbwe mutauwiritsa, majarini, thobwa, masamba mu kabati yapansi ija, mankhwala ena monga insulin omwe safuna kuumitsidwa, zonsezi zimafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 0 ndi 5, osati ayisi (koma insulin imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikaundana yaonongeka, musayerekeze kuiika mu diipu friza). Banja laling'ono, anthu apantchito omwe amagula ndiwo za masiku awiri atatu, amenewo yoyimirira ndi yawo. Nyama yaiwisi ikani shelefu yapansi kuti magazi asadonthere pa zakudya zophika, ndipo nthochi zisiyeni panja, mu firiji zimangoda khungu. Mwa zoyimirirazi mulinso mitundu iwiri, yochita ayisi m'makoma ndi ija amati frost free. Frost free ndi yabwino poti simuvutika ndi kusungunula, koma mkati muli fani ndi kahita komwe kamasungunula ayisi pakokha, ndiye zinthu zoti zingafe zachuluka, ndipo chakudya chosavundikira imachiumitsa ngati chapadzuwa. Kaja kachitseko chimodzi ka kabokosi ka ayisi mkati ndi ka mabachela, musadalire kusungamo nyama mwezi.

Pa mayunitsi a magetsi, zikakhala zofanana kukula, diipu friza siidya kwambiri monga anthu amaopera, chifukwa chomwe chija chakuti siitaya kuzizira. Chomwe chimameza mayunitsi ndi firiji yokalamba ya labala wotha pachitseko yomwe kompuresa yake, kainjini kolira kumbuyo kaja, siipuma.

Apa ndiye pakubwera nkhani ya yatsopano ndi ya kaunjika. Firiji yanga yoyamba inali ya kaunjika, ndinaigoneka kumbuyo kwa pikapu kuchokera ku Limbe, makhotakhota onse a ku Thyolo aja ikugubuduka, kufika kunyumba chifukwa cha chimwemwe ndinangoitsitsa n'kupulaga pompo. Sinathe mwezi. Amisiri atabwera anandiuza kuti mafuta a mu kompuresa anathamangira m'mapaipi. Firiji inyamuleni choyimirira, diipu friza monga momwe imakhalira, ikafika muisiye maola osachepera 4 musanayatse, ndipo ngati inagonekedwa idikireni tsiku lathunthu. Ya kaunjika ikhoza kukhala yabwino koma muione ikugwira ntchito, osati kungoyatsa mphindi ziwiri n'kumva kuti ikulira, iziziritse ndithu mpaka kompuresa izime yokha n'kuyakanso.

Muyang'anenso kapepala kamene amamata kumbuyo kapena mkati. Pamakhala chilembo cha nyengo yomwe firijiyo anaipangira, N ndi ya malo otentha mpaka madigiri 32, ST mpaka 38, T mpaka 43. Anthu amati ku Mulanje n'kozizira, eya mu June ndi July, koma mu October m'nyumba ya malata yopanda siling'i mumatentha kuposa 32, ndiye ya N yochokera kumaiko ozizira imangolira tsiku lonse osapuma. Tengani ST kapena T. Pomwepo amalembanso mtundu wa gasi. Zatsopano zambiri ndi R600a, gasi ameneyu amayaka moto, zakalepo ndi R134a, ndipo mukaona R12 thawani, imeneyo ndi nkhalamba ndipo gasi wakeyo analetsedwa. Chinanso, gasi wa firiji satha ngati wa silinda yophikira, amangozungulira momwemo, ndiye wina akakuuzani kuti gasi watha tithiremo wina, mufunseni kuti pomwe pakutulukira wapapeza? Apo ayi muzingolipira mwezi ndi mwezi.

Zonse ziwiri mdani wake ndi mmodzi, magetsi obwera mwadzidzidzi kapena obwera ofooka. Athu ndi a 230 volts, akatsika kwambiri, nthawi ija mababu amayaka ngati kandulo, kompuresa imalephera kunyamuka, imangong'ung'uza kenaka n'kumveka thi, kuyesanso, thi, mpaka kupsa. Magetsi akathimanso n'kuyaka nthawi yomweyo imavutika chifukwa gasi mkati amakhala asanakhazikike. Ndiye pa ndalama ya firiji patulanipo ya fridge guard, kachipangizo kopulaga pakhoma komwe kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera, n'kudula akatsika kapena kukwera mopitirira. Ine ndimati bola mugule firiji yocheperako koma kameneka kakhalepo. Mvula ya ziphaliwali ija ikamatsika m'phiri ndimazulabe pulagi, fridge guard si mankhwala a mphenzi.

Firiji ikhale ndi soketi yakeyake pakhoma, osati pa ekisitenshoni imodzi ndi ayironi ndi ketulo. Zochokera ku Joni zambiri zimabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira pomwe soketi zathu ndi za mano amakona, ndiye anthu amadula pulagi n'kulowetsa mawaya ndi timitengo ta machesi, waya wa green ndi yellow uja n'kumusiya akulendewera. Ameneyo ndi wa earth, ndi amene amakutetezani. Gulani pulagi yabwino ya fyuzi ya 13 amps amisiri akulumikizireni onse atatu. Firiji ikayamba kukushokani mukaigwira, makamaka muli chosavala pa simenti yonyowa, zimitsani, si zoti muzolowere.

Kumbuyo siyani mpata ngati chikhatho chimodzi, masentimita 10, kuti kutentha kuzituluka, italikirane ndi mbaula ndi dzuwa la pawindo, ndipo iime mowongoka kuti chitseko chizitsekeka bwino. Kuno chiperoni chimatipatsa vuto lina lomwe a ku Lilongwe salidziwa kwenikweni, chinyontho. Firiji imachita thukuta kunja, labala amamera nkhungu yakuda, pansi pamayamba dzimbiri. Diipu friza ndiye imaola msanga kunsi poti ili pafupi ndi simenti yomwe timakolopa daily, ine yanga ndinaikweza pa matabwa. Labala muzimupukuta ndi madzi ofunda a sopo, ndipo pomuyesa tsekerani ndalama yapepala pachitseko n'kuikoka, ikangosololoka mosavuta ndiye kuti watha. Kumbuyo kuja muzisesako fumbi ndi akangaude, muonenso makoswe poti amakonda kufunda kwa kompuresa n'kumatafuna mawaya. Ndipo madzi akalowa m'nyumba ngati momwe zinachitikira ndi Freddy mu March 2023 n'kumiza kompuresa, musayatse mpaka amisiri aione.

Ayisi akachindikala kupitirira theka la sentimita zimitsani, tulutsani zinthu, ikanimo beseni la madzi otentha n'kudikira. Mpeni ayi. Ndikubwereza, mpeni ayi, sikuludiraiva ayi, paipi ya gasi ili kuseri kwa ayisi yemweyo ndipo mukangomva psii firiji yapita. Apa diipu friza imapambananso poti siichita ayisi msanga ndipo zambiri zili ndi kabowo pansi kotulutsira madzi.

Kwa omwe kulibe mapolo a magetsi, kusankha kwake ndi sola kapena gasi. Ya gasi ilibe kompuresa, kamoto kakang'ono ndi kamene kamayendetsa zonse, siilira, koma imachedwa kuziziritsa, imafuna iime mowongoka kwambiri ndiponso malo opita mphepo chifukwa utsi wake wosaoneka uja umapha, kuchipinda chogona ndiye ayi. Ya sola yeniyeni ndi ya 12 kapena 24 volts yolumikiza ku batire, pomwe firiji wamba pa invata yaing'ono imakana chifukwa ponyamuka kompuresa imakoka mphamvu kangapo kuposa ikamayenda. Ndipo kuno chiperoni chikagwa masiku atatu dzuwa osaoneka batire imagwada, ndiye yogona ija ndi mabotolo ake a ayisi ndi yomwe imafika nawo tsiku lachitatu. A ku Bondo omwe ali pa magetsi a MEGA, kampani yaing'ono ya magetsi ya kuno ku Mulanje, ochokera mu mtsinje wa Lichenya firiji wamba imayenda, kungofunsa kaye ngati laini yanu ingaikwanitse.

Alamu aja anati abambo akunyumba akukakamira yoyimirira chifukwa akufuna madzi ozizira akaweruka ku esiteti. Ndinawauza kuti botolo limodzi louma la mu diipu friza mukaliponya mu ndowa yakumwa madzi onse amazizira, ndipo mtsuko sunapite kulikonse. Anaseka n'kunena kuti akambirana usiku. Ndinangowakumbutsa kuti asanakwere minibasi ya ku Limbe ayeze kaye chitseko cha kukhitchini ndi chingwe n'kupita nacho, chifukwa yanga ija tinachita kuzula chitseko ndi mahinjesi ake kuti ilowe.